Pikapu ikamadumpha ndi kumveka zitsulo zikukhulana: kupeza gwero la vuto musanagule sipeya

Nyengo ya msika wa fodya ikafika, mapikapu a kuno ku Kasungu sapuma. Amatuta mabelo m'midzi ya ku Chamama, ku Chulu ndi ku Santhe kulowera ku msika wa fodya wa Chinkhoma, ndipo fodya asanathe n'komwe amakhala ayamba kale kunyamula chimanga, soya ndi mtedza m'misewu ya fumbi imene mvula inakumba. Pikapu wamba ya mtundu wa Toyota Hilux, Isuzu KB kapena Nissan Hardbody inapangidwa kuti izisenza katundu wa pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50, koma si kawirikawiri kuona mwini galimoto akulekera pamenepo. N'chifukwa chake m'miyezi imeneyi madandaulo awiri amamveka mobwerezabwereza m'magalaja: galimoto ikudumpha ponyamuka kapena ili mkati moyenda, ndiponso pansi pake pakumveka phokoso la zitsulo zokhulana.

Chimene chimatha ndalama pa vutoli ndi kungoganizira. Dalaivala amamva phokoso ngati likuchokera kutsogolo, amakaniko amasintha mapadi a mabuleki, phokoso silitha. Amasinthanso bering'i, ndipo pofika nthawi imene azindikira kuti vuto linali pa propshaft (chitsulo chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo), ndalama zimene zikanakonza vuto lenilenilo zapita kale. Chassis ya pikapu ndi chitsulo chachitali chimene chimayendetsa phokoso kuchokera kumbuyo mpaka pansi pa mpando wa dalaivala, choncho khutu limanamizika mosavuta pa nkhani ya malo. Chimene sichinamiza ndi nthawi imene phokosolo kapena kudumphako kumabwera: galimoto itaima kapena ikuyenda, mutaponda moto kapena mutachotsapo phazi, pokhota, poponda buleki, kapena pokhapokha itasenza katundu.

Yambani galimoto itaima

Musanalize injini, zungulirani galimoto ndi sipanala ya matayala n'kuyesa manati onse. Tayala lomasuka limagogoda, limagwedeza galimoto ndipo limakukuta mabowo a rimu, koma anthu ambiri amaliiwala chifukwa chofulumira kuganizira zinthu zodula. Suzumiraninso pansi kuti muone ngati paipi ya utsi, chitsulo choteteza injini kapena tayala la sipeya sizikulendewera n'kumakhudza zinthu zozungulira.

Kenako lizani injini, giya ili pa neutral, handibuleki itakokedwa. Phokoso lokukuta limene limamveka pa kamphindi koliza injini kokha ndi la sitata ndi mano a flywheel, chitsulo cholemera chozungulira chimene chili kumbuyo kwa injini. Limene likupitirira n'kumakula mukamaponda moto, galimoto isakuyenda, kawirikawiri ndi la bering'i ya alternator, ya pampu ya madzi kapena ya kagudumu kokoka lamba. Tsopano pondani clutch pang'onopang'ono mukumvetsera. Phokoso likayamba pamene mwaponda, release bearing, bering'i yokankha clutch kuti imasule, yatha. Likakhalapo phazi lisanafike pa clutch n'kuzimiririka mutaiponda mpaka pansi, ndiye kuti lili m'giyabokosi, pa bering'i ya shafti yolandira mphamvu kuchokera ku injini. Mayeso amenewa satenga mphindi zisanu, koma amachotsa kale mbali yaikulu ya zokayikitsa.

Kuyesa pa msewu kumafuna phula losalala ndiponso nthawi imene magalimoto ndi njinga zachepa, monga m'mawa pa msewu wa M18 wolowera ku Mtunthama. Galimoto ikhale yopanda katundu, wailesi itazimitsidwa, magalasi atatsitsidwa. Mukafika liwiro la makilomita 50 kapena 60 pa ola, pondani clutch kuti injini itsike yokha galimoto ikupitirira kuyenda. Injini musaizimitse, chifukwa mabuleki ndi chiwongolero zimalimba. Phokoso likatsika limodzi ndi injini, vuto lili ku injini kapena ku clutch. Likapitirira n'kumachepa pokhapokha liwiro la galimoto likuchepa, lili pa zinthu zimene zimazungulira limodzi ndi matayala: mabuleki, mabering'i, propshaft kapena difu (magiya a pakati pa ekiselo amene amagawira matayala mphamvu). Mukatero gusani buleki pang'ono, khotetsani chiwongolero mofatsa kumanja ndi kumanzere, kenako pondani moto n'kuusiya mobwereza, uku mukuona chimene chikusintha phokosolo.

Mabuleki ndi mabering'i a matayala

Phokoso likamabwera pamene mwaponda buleki, nkhani yake ndi yaifupi. Mapadi akutsogolo akatheratu, chitsulo chake chimayamba kudya diski, ndipo mukasuzumira pa mipata ya rimu mudzaona mizere yakuya pa diskiyo. Kumbuyo mapikapu ambiri ali ndi mabuleki a dramu, mmene mumadzaza fumbi ndi matope ouma, ndipo mumakhalanso vuto lina limene limabweretsa kudumpha: oyilo wa m'difu akadutsa pa seal ya kumapeto kwa ekiselo n'kunyowetsa brake shoes, tayala limodzi limagwira mwadzidzidzi ndipo galimoto imagwedezeka poima. Mkati mwa tayala lakumbuyo mukakhala monyowa ndi oyilo wakuda womata fumbi, umboni wake ndi womwewo, ndipo kusintha brake shoes osasintha seal n'kutaya ndalama.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaopsa anthu popanda chifukwa chachikulu. Kamwala kakalowa pakati pa diski ndi kachitsulo kopyapyala kotchinga fumbi kamene kali kuseri kwake, kamalira moboola m'khutu ngakhale musanaponde buleki, makamaka mutangotuluka mu msewu wa miyala; nthawi zambiri kamagwa mukabwerera m'mbuyo pang'ono, kapena mukavula tayala n'kukankha kachitsuloko. Chachiwiri ndi ABS (chipangizo choletsa matayala kugwiriratu poponda buleki) pa mapikapu amene ali nayo. Mukaponda buleki mwamphamvu pa mchenga kapena pa miyala, pedulo imanjenjemera ndipo pamamveka kukukuta, koma umo ndi mmene ABS imagwirira ntchito. Zikamachitika pa phula louma galimoto ili pafupi kuima, pamenepo sensa ya pa tayala yada kapena bering'i yamasuka.

Bering'i ya tayala imalirima mosalekeza, kulirimako kumakula ndi liwiro ndipo sikusintha mukasintha giya. Pokhotera kumanzere kulemera kwa galimoto kumapita ku matayala akumanja, choncho phokoso likakula pamenepo, kawirikawiri bering'i yowonongeka ili kumanja, ngakhale kuti ndi bwino kutsimikiza musanamasule kanthu. Mutayenda makilomita angapo osagwiritsa ntchito mabuleki kwambiri, imani n'kuyandikiza dzanja pakati pa rimu iliyonse. Imene ikutentha kuposa zinzake ili ndi bering'i youma kapena buleki yosamasuka. Kenako nyamulani tayalalo ndi jeke, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, ndipo lizungulitseni dzanja lina litagwira sipiring'i kuti mumve kukhakhala. Likamagwedera mutaligwira m'mbali zokha, yang'anani tie rod, chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala. Pa mapikapu akale, mabering'i akutsogolo amatha kutsukidwa, kupakidwa girisi watsopano n'kumangidwanso, koma nati yake ikamangidwa mopitirira muyeso bering'i imapsa msanga kuposa poyamba.

Propshaft, kumene zizindikiro ziwirizi zimakumanirana

Kudumpha ndi kukukuta zikabwera pamodzi, ine ndimayamba kukayikira propshaft ndisanaganize za china chilichonse. Ichi ndi chitsulo chachitali chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku difu yakumbuyo, ndipo pa mfundo zake pali ma universal joint okhala ndi timabering'i tating'ono ngati singano. Pikapu ikalemedwa, kumbuyo kumatsika ndipo mfundozi zimagwira ntchito zitapindika mosiyana ndi mmene zinayenera kukhalira. Fumbi la m'chilimwe ndi madzi a m'madambo nthawi ya dzinja zimamaliza girisi amene anatsalamo. Chizindikiro choyamba ndi kulira kopyapyala kobwerezabwereza galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, makamaka pobwerera m'mbuyo. Kenako pamabwera kugunda kumodzi kwamphamvu mukamanyamuka, mukamasintha giya, kapena mukachotsa phazi pa moto n'kupondanso. Pomaliza galimoto yonse imanjenjemera pansi pa mpando pa liwiro linalake.

Poyesa, imikani galimoto pamalo athyathyathya, tsekerani matayala ndi miyala ikuluikulu kapena zipika kutsogolo ndi kumbuyo, zimitsani injini, ikani giya pa neutral. Ngati pakufunika kuinyamula, musalowe pansi itakhala pa jeke pokha, ndipo musaikhazike pa njerwa, chifukwa njerwa zimaphwanyika mosachenjeza; gwiritsani ntchito zitsulo zoimikira galimoto kapena zipika zolimba. Gwirani propshaft pafupi ndi mfundo iliyonse, ipotozeni uku ndi uku, kenako ikankheni m'mwamba ndi pansi. Universal joint yabwino sigwedera ngakhale pang'ono. Mukaona fumbi lofiira la dzimbiri kuzungulira tizivundikiro take, yauma mkati ndipo yatha, ngakhale itaoneka yolimba. Ina imachita kugwirana osagwedera konse, ndipo imeneyo imadziwika pokhapokha propshaft itamasulidwa n'kupindidwa ndi manja.

Mapikapu okhala ndi propshaft ya zigawo ziwiri ali ndi centre bearing yokhala mu labala pakati pa chassis. Labalayo akang'ambika, propshaft imamenya uku ndi uku ponyamuka ndi katundu, ndipo dalaivala amamva kunjenjemera kumene kumatha galimoto ikatenga liwiro. Palinso mbali ya propshaft imene imalowa ndi kutuluka pamene masipiring'i akugwira ntchito. Ikauma imakakamira kenako n'kumasuka mwadzidzidzi, moti mukangoima kapena mukangonyamuka mumamva ngati galimoto ina yakugundani pang'ono kumbuyo. Mankhwala ake ndi girisi basi, ndipo Hilux zambiri zili ndi timabowo topopera girisi pa mfundo zimenezi, timene timaiwalika chifukwa posintha oyilo anthu amangoyang'ana injini. Pa mbali yolowa ndi kutulukayo musapope mpaka kudzaza, chifukwa girisi wochuluka amailepheretsa kubwerera mkati.

Amakaniko akamamasula propshaft, onetsetsani kuti aika zizindikiro pa zigawo zake kuti zibwerere mmene zinalili. Zikalumikizidwa mosemphana, galimoto imanjenjemera ngakhale zonse zili zatsopano. Vuto la propshaft si loti n'kudikira kuti fodya agulitsidwe kaye: mfundo yakutsogolo ikaduka galimoto ili pa liwiro, chitsulocho chimagwa n'kuzika pansi, ndipo chingathe kuswa giyabokosi, kudula mapaipi a mabuleki kapena kugubuduza galimoto.

Difu ndi masipiring'i

Difu imadziulula ndi kulira kumene kumasintha malinga ndi phazi lanu: kumakula mukaponda moto n'kuchepa mukausiya, kapena mosemphanitsa. Tsegulani chotsekera cha pothirira oyilo n'kulowetsa chala. Oyilo ayenera kufika m'munsi mwa bowolo. Nthawi zonse yambani ndi chotsekera chimenechi musanatsegule chokhetsera cha pansi, kuopera kukhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti pothirira pakana kutseguka. Chotsekera cha pansi chimakhala ndi maginito. Ufa wosalala wa chitsulo pa maginitopo ndi wachibadwa, koma tizidutswa tomveka ndi chala tikutanthauza kuti mano kapena mabering'i akusweka. Oyilo akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, mwalowa madzi, ndipo izi zimachitika kwambiri difu yotentha ikamizidwa powoloka madzi odzadza m'madambo ndi m'timitsinje tothira mu Bua ndi Dwangwa. Kabowo kopumira ka pamwamba pa ekiselo kakatsekeka ndi matope, oyilo amakankhidwira kunja kudzera m'ma seal, choncho kayenera kutsukidwa. Difu imafuna oyilo wa GL-5, monga 80W-90, pamene magiyabokosi ambiri amafuna GL-4, ndipo difu ya limited slip (yoletsa tayala limodzi kuterereka lokha) ili ndi oyilo wakewake amene ukasowa galimoto imagwedezeka pokhota. Buku la galimoto yanu ndilo linene oyilo woyenera.

Galimoto ikamakokera mbali imodzi mukaponda moto n'kubwerera mukausiya, yang'anani masipiring'i akumbuyo. Ma U-bolt (zitsulo zomanga sipiring'i ku ekiselo) omasuka kapena bawuti yapakati pa sipiring'i yoduka zimalola ekiselo kusuntha, ndipo munthu wotsatira pambuyo amaona galimoto ikuyenda chopendekera. Fumbi la dzimbiri kapena chitsulo chopukutika pamene sipiring'i yakhalira pa ekiselo ndi umboni wa kusunthako.

Clutch, giya ndi mafuta

Kudumpha kumene kumachitika ponyamuka pokha, pamene mukumasula clutch, kumachokera ku clutch yonyowa ndi oyilo wodontha kumbuyo kwa injini, ku flywheel yopsa chifukwa chonyamuka ndi katundu wolemera pa mtunda, kapena ku malabala okhazikapo injini ndi giyabokosi. Yambani ndi malabala chifukwa ndiwo otchipa: bonati itatsegulidwa, handibuleki itakokedwa, mnzanu aime pambali, osati kutsogolo, n'kuona ngati injini ikunyamuka mbali imodzi pamene mukumasula clutch pang'ono mu giya yoyamba. Giya zikamakukuta polowetsa yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo, koma n'kumalowa bwinobwino injini itazima, clutch sikumasula mokwanira. Onani mafuta ake m'kabotolo ndiponso ngati master kapena slave cylinder (zipangizo zokankha mafutawo) sizikudontha musanalole kuti giyabokosi itsitsidwe. Giya imodzi yokha ikamakukuta, synchro yake, kamphete kothandiza giya kulowa mosakukuta, ndiyo yatha.

Kudumpha kopanda phokoso la zitsulo, kumene kumabwera pokwera mtunda kapena mukafuna kupitirira galimoto ina, n'kwa mafuta. Injini ya dizilo ikalandira mafuta osakwanira imadukiza, imagwira n'kusiya, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi fyuluta yotsekeka, madzi m'mafuta kapena mpweya wolowa pa paipi yong'aluka. Vutoli limachuluka nthawi imene mafuta asowa m'mafilling station ndipo anthu akugula a m'zigubu. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kotsegulira kokhetsera madzi. Khetserani m'botolo loonekera mkati, ndipo madzi adzakhala pansi, mafuta pamwamba. Injini zakale za Hilux monga 3L ndi 5L zimapirirako mafuta akuda, koma za common rail, monga D-4D zimene zinafala kuyambira cha m'ma 2005, sizichedwa kuwonongeka ma injector (zopopera mafuta mu injini) ndi pampu. Pa injini zimenezi musamasule mapaipi a ma injector injini ikulira, pakuti mafuta ake amatuluka ndi mphamvu yotha kuboola khungu. Pa pikapu ya petulo kudukiza kotereku kumayambira kawirikawiri ku mapulagi ndi ma coil. Ya automatic ikamagunda posintha giya, onani kaye mlingo wa mafuta a giyabokosi, ndipo akakhala akuda ndi onunkha kupsa, ipititseni kwa odziwa magiyabokosi amenewa.

Mapikapu a 4x4

Pali vuto limodzi limene limafika ku galaja galimoto ilibe chowonongeka chilichonse. Mapikapu ambiri a 4x4 alibe difu yapakati, kutanthauza kuti mukalowetsa 4H kapena 4L, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira mofanana. M'matope kapena mu mchenga zimenezi sizivuta chifukwa matayala amaterereka. Koma dalaivala akatuluka m'matope n'kukwera phula la M1 ataiwala kubwezera ku 2H (pamene matayala akumbuyo okha ndiwo amakoka), pokhota paliponse zitsulo zimakokana, chiwongolero chimalemera, galimoto imadumpha ndipo matayala amakwecha pansi. Kandodo ka transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, kamakananso kutuluka. Musakakamize, imani, bwererani m'mbuyo molunjika mamita angapo, kapena ikani matayala a mbali imodzi pa dothi, ndipo kadzamasuka. Matayala osiyana kukula kutsogolo ndi kumbuyo amakulitsa vutoli, ndipo kuyenda motere mtunda wautali kumawononga transfer case.

Phokoso lokukuta kutsogolo pa 4x4 limachokeranso ku ma hub (zolumikiza matayala akutsogolo ku ekiselo) amene sanalowe kapena kutuluka mokwanira. Pa amene amatembenuzidwa ndi dzanja, onse awiri akhale pa malo ofanana. Kugogoda kofulumira pokhota kwambiri ndi kwa CV joint (mfundo ya shafti yozungulitsa tayala lakutsogolo), ndipo mudzapeza labala wake atang'ambika, girisi atamwazikira mkati mwa tayala.

Zina mwa zimenezi zingathe kuyenda pang'onopang'ono mpaka ku galaja ya pa boma, monga synchro yotha, release bearing yolira kapena difu yongoyamba kulira ili ndi oyilo wokwanira. Koma tayala logwedera, rimu yotentha mpaka kununkha, buleki yokukuta chitsulo, universal joint yogwedera ndiponso difu yogunda ndi zoimitsa galimoto pomwepo n'kutsitsa katundu ndi anthu. Ngati ikukokedwa mtunda wautali matayala akumbuyo ali pansi, propshaft imasulidwe kaye, chifukwa magiyabokosi ambiri sadzithira oyilo mokwanira injini itazima.

Pofika kwa amakaniko, afotokozereni zimene mwapeza mwatsatanetsatane: liwiro limene phokoso limayambira, chimene chimachitika mukaponda clutch, mbali imene limakulira pokhota, ndiponso ngati limafuna katundu kuti limveke. Apempheni akuonetseni kugwedera kapena kuwonongeka kwa chitsulocho chisanachotsedwe, ndipo pokagula china mutenge chakalecho kuti mukafananize, pakuti pikapu za dzina limodzi zimasiyana zipangizo malinga ndi chaka ndi injini. Ikakonzedwa, bwerezani mayeso omwe aja pa msewu womwewo, poyamba yopanda kanthu kenako itasenza katundu woyenera. Ngati anamasula matayala kapena masipiring'i, manati a matayala ndi ma U-bolt amangidwenso pambuyo pa maulendo oyambirira a katundu, chifukwa zitsulo zikakhazikika pamalo pake manatiwo amamasukako.